Khadi Limodzi, M'bale Mmodzi

Lamulungu lija mayi Alefa Makwinja anaimirira kutsogolo kwa mpingo ku Chilobwe kuti alengeze za dina, chakudya chamadzulo chopezera ndalama za denga la sukulu ya mkaka ya tchalitchi, lomwe linasasuka ndi mphepo. Anakonza kukhosi, nakweza khadi, nawerenga mwa munthu wodziwa sukulu: "Mtengo K40,000. Khadi limodzi, m'bale mmodzi."

Tchalitchi chonse chinawomba m'manja. Amayi a kumbuyo analuluta. Mayi Makwinja anamwetulira, nakhala pansi, ndipo atakhala m'pamene mawu aja anawafika m'mutu. Iwo analemba kuti mbale imodzi. Mbale ya chakudya.

Kuti mumvetse kukula kwa manyaziwo muyenera kuwadziwa mayiwa. Anatayipa makalata zaka makumi atatu pa ofesi ina ya inshuwalansi m'tauni, kuyambira pa makina aja olira ngati matalala mpaka pa kompyuta, ndipo amanena okha kuti palibe bwana anawabwezerapo kalata. Mpaka lero akalandira khadi la ukwati amayamba afuna cholakwika asanaone tsiku. Ku Mvano akangotembenuka amawatcha a Fulusitopu.

Chinachitika n'chakuti wosindikiza wina ku Limbe ataona mawu oti mbale anaganiza kuti amayiwa aiwala kachizindikiro ka pamwamba kaja, nawakonzera Chichewa chonse mwaulere. Khadi loyamba anawaonetsa ndithu kuti avomereze. Koma magalasi anali m'chikwama, ndipo mayi Makwinja savala magalasi pamaso pa amuna achilendo.

Bajeti anali ataiwerengera miyezi iwiri: mbale 150, holo ya ku Chichiri, zakumwa, woimba nyimbo, maluwa a pathebulo la alendo olemekezeka. Chotsala chinkakwana malata ndi matabwa, osapitirira ndi msomali umodzi womwe. Unali mwezi wa Okutobala, ana akuphunzirira pansi pa lona. Pakamwa pakachuluka kawiri, denga likanathera m'mimba mwa anthu, mvula n'kuwapeza ana pamtetete.

Makadi anatha m'masiku anayi. Komiti itakumana, a Stafford, mkulu wa mpingo, anati, "Mayi, tingolengeza kuti panalakwika basi."

"Chabwino, bambo. Inuyo mwaitana ndani?"

A Stafford anayang'ana nsapato zawo. Anali ataimbira kale mlamu wawo wa ku Bangwe, ndipo mlamuyo anali atachapitsa suti. Pa komiti yonse panalibe amene sanauze m'bale. Mu Blantyre muno munthu akhoza kubweza ngongole, akhoza kubweza mawu, koma kubweza m'bale amene wamuitanira nkhuku sikunaonekepo.

M'mawa mwake mayi Makwinja anakwera minibasi ya ku Kanjedza kwa mayi Halimatu, amene amaphika pa maukwati ndipo ndiwo anapatsidwa ntchito ya chakudya.

"Achemwali, nkhuku mumaidula pangati?"

"Pa eyiti."

"Nanga pa thwelofu?"

Mayi Halimatu anaseka mpaka kugwira mpango wa kumutu. "Pa thwelofu ndiye kuti khosi nalonso ndi nthuli. Ndinachitapo pa chikwati china ku Mpingwe, palibe anamwalira. Inu onjezerani matumba awiri a mpunga ndi kabichi, zotsalazo ndisiyireni ine ndi mpeni."

Amuna a mayi Halimatu, a Ridwan, ananyamula mabenchi a tchalitchi pa lole yawo, nangoti awathirire mafuta. Maluwa anachotsedwa pa bajeti. Zakumwa za m'botolo zinasanduka sobo wa m'ndowa. Ngakhale anatero, panatsalabe dzenje la K700,000, ndipo dzenjelo linali malata a kalasi yathunthu. Sabata imeneyo mayi Makwinja tiyi ankangomuyang'ana mpaka kuzizira.

Loweruka, faifi koloko, anaima pakhomo la holo kuwerenga mitu. Anafika 311, poti ena anabwera ndi abale awiri n'kumati ndi mapasa. Ali chiimire, anayamba kumva zomwe zinkanenedwa m'mathebulo.

"Awa ndi achimwene anga, aja a ku banki."

"Uyu ndi mwana wa achemwali, wangobwera kumene ku Joni."

Aliyense ankaonetsa m'bale wake ngati nsalu yatsopano. Mayi Makwinja anayenda pang'onopang'ono mpaka kwa a Kenny, oyendetsa mwambo, nawanong'oneza. A Kenny anatsegula maso, kenaka anagogoda maikolofoni.

"Amayi ndi abambo, kwathu kuno mlendo sadya asanadziwike. Aliyense abwere kutsogolo ndi m'bale wake atiuze kuti ndi ndani. Koma ndikuuziretuni, maikolofoni inoyi ili ndi njala. Lichero ili apa!"

Perekaniperekani wa tsiku limenelo akukambidwabe. Ndani angadziwitse amalume ake ndi K500, anthu akuona? Ndipo m'bale amene wangotchulidwa kuti ndi wa ku banki angabwerere bwanji pampando osapisa m'thumba? Mlamu wa a Stafford anavina nyimbo ziwiri zathunthu, suti ili tayale, akuponya ndalama imodziimodzi kuti zionekere kuchuluka. Chakudya chitabwera anthu anali atatopa ndi kuseka, ndipo pilawu wa mayi Halimatu anakwanira mpaka mapasa omwe.

Lolemba komiti itawerenga, dzenje lija linali litakwiririka, n'kutsalanso za zitseko ziwiri. Mayi Makwinja anawerengetsa kachiwiri. Kenaka anapuma mpweya wautali, napempha tiyi ndi mabanzi atatu, nadya onse pamaso pa abusa. Malata anakhomedwa kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti chizimalupsa chigwe, ndipo tsiku la mvulalo mayi Makwinja anakaima m'kalasi muja kungomvera phokoso la padenga.

Pobwerera, ambulera ili m'manja, anapeza a Ndaziona, a nyumba yoyandikana nayo, akukolopa pakhonde. Anayembekeza kuti mwina amva mawu oyamika. A Ndaziona anafinya chikolopa nati:

"Denga ndaliona, n'labwino. Koma ine ndi K40,000 yanga ndinadya khosi, apongozi anga olowa ulere anadya ntchafu. Chaka chamawa musandigulitse khadi, ndibwera ngati m'bale."