Matemba a Alamu M'khola la Mwana Wanga

Amene anandiuza koyamba ndi mnzanga wa kukwaya, yemwe timawokera limodzi mpunga kusikimu ya Likangala. Anafika matope ali m'miyendo, moni osapereka n'komwe.

"Achemwali, alamu anu akudzitama pamsika. Akuti nkhumba za mwana wanu akuzinenepetsa ndi iwowo."

Mwana wanga wamkazi anali chaka chomaliza kusukulu ya zaulimi. Kuti amalize anayenera kuchita kafukufuku, ndiye anasankha nkhumba zathu. Anagawa khola pawiri. Za kumanja zinkadya monga mwa masiku onse, madeya, soya ndi zinyenyeswa za matemba. Za kumanzere ankazipatsa madeya, soya pang'ono chabe, ndi kaufa koyera ka m'mapaketi komwe ankati ndi ma amino asidi. Anandifotokozera kuti nkhumba siifuna nsomba yonseyo ayi, imangofuna tinthu tina ta m'nsombamo, ndipo kaufako ndi tinthu tomweto. Ine sukulu ndinalekera kupulayimale, koma ndinamva. Loweruka tinkazipachika pasikelo, ine kugwira miyendo, iye kuwerenga. Ndinkathokoza Mulungu poona za kumanzere zikukula bwino.

Kani alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga, omwe amagulitsa zinyenyeswa za matemba kwa oweta nkhumba, ankabwera ife tili kusikimu n'kukhuthulira chitini chathunthu cha zinyenyeswazo m'khola la kumanzere.

Ndinawapeza akumata chubu cha njinga.

"Alamu, n'zoona?"

"N'zoona, mlamu. Mukanandithokoza. Nkhumba ikule ndi kaufa ngati khanda la kuchipatala? Kamwana kanuko kakufuna anthu asiye kugula kwa ine."

"Ndiye chifundo chanucho chinali pa nkhumba kapena pa malonda anu?"

Anaseka mpaka chibwano m'mwamba. "Zanenepa kapena sizinanenepe?"

Mwana wanga sanalire. Anangoti, "Amayi, tsopano palibe angadziwe chomwe chazikulitsa. Bodza sindilemba." Anaimbira yekha aphunzitsi ake, ndipo iwo anamuuza kuti ayambirenso ndi tiana tina ta nkhumba. Tsiku lomwe anzake anavala magauni, iye anali kukolopa m'khola. Diresi yomwe ndinasoketsa kuti ndikavale kumeneko ikadali m'sutikesi.

Ndine munthu wopemphera, koma masiku amenewo ndikagwada ndinkangoona mano a alamu aja.

Mpunga utakololedwa, mwana wawo wamwamuna anapeza mbeta. Alamu anabwera ndi mawu ozuna, chipewa chili m'manja.

"Mlamu, ndife amodzi. Yaikulu ija ya kumanzere ingatiyeretse kumaso paukwati. Paja inenso ndinaikapo dzanja."

"Mubwere Lachisanu," ndinatero.

Lachinayi ndinaitana wopha nkhumba kuti aphe yaikulu ija. Nyama ndinagawa nyumba ndi nyumba, kuyambira kwa akwaya mpaka kwa amasiye a kudooko. Fungo linadzaza mudzi wonse. Nyumba imodzi yokha ndinailumpha.

Lachisanu anafika ndi njinga ndi chingwe chatsopano. Ndinawayalira mphasa mwaulemu, ndinagwada, n'kuwaikira patsogolo chitini cha zinyenyeswa za matemba.

"Alendo anu mukawathirire izi, alamu. Paja zimanenepetsa."

Anayang'ana chitini, anayang'ana khola, anayang'ananso ine. Chingwe anachiiwala pamphasa pomwepo. Paukwatipo anthu anadya kabichi ndi masoya pisi, ndipo ine ndinaimba kwaya mzere wakutsogolo, mawu onse kutulutsa.

Amayi abusa akhala akundiyendera kuti ndikhululuke. Ndimawalandira bwino, ndimawaphikira tiyi, ndimawauza kuti ndidzakhululuka mwana wanga akadzavala gauni. Asanavale, ayi.

Tiana tatsopano tili m'khola, ndipo pachitseko pali loko. Kiyi ndimamanga pansonga ya chitenje, ngakhale popita kusikimu. Aphunzitsi anati mwayi ndi uno wokha, ukawonongekanso basi. Inu amene mwawerenga, mutikumbukire banja lathu m'mapemphero anu, makamaka mwanayu, kuti ulendo uno amalize.