Ekiselo ya ngolo yanga yathyoka popanda katundu

Ngolo yopanda kanthu ingathyoke ekiselo pamsewu wosalala? Yanga yathyoka.

Chimanga changa chili m'mikukwe kumunda, kuno ku Chifunda, ndipo njovu zayamba kale kuyendera minda ya anzanga. Amene amalima kuno akudziwa kuti ukachedwa kututa sabata imodzi, walimira njovu.

Lolemba ndinaona kamng'alu pa ekiselo, chitsulo chija chogwira matayala onse awiri. Ndinaikweza pa galimoto ya thonje mpaka kwa wowotcherera zitsulo wa kuno. Ndinafika 8 koloko m'mawa. Anandiuza kuti ndidikire, mafuta a jenereta akubwera. Mafutawo anabwera 2 koloko masana. Ntchito yeniyeniyo sinathe mphindi makumi awiri. Chitsulo chidakali psuu, bambo uja anatenga ndowa ya madzi n'kukhuthulirapo. Nthunzi tolo!

Ndinafunsa ngati madziwo sawononga. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

"Ba mdala, ndiye kulimbitsa kumeneko. Manje mufuna mugone pano kuyembekeza chizizile?"

Ndinanyamula ekiselo yanga n'kubwerera kwathu. Ine ndimadziwa khasu, za moto ndi zawo.

Lachitatu 6 koloko m'mawa, kukuzizira, ndinamanga ng'ombe. Tisanafike ndi kumunda komwe ndinangomva kuti phwa. Ngolo pansi. Ekiselo yaduka pambali penipeni pa pamene anawotcherera, osapindika ngakhale pang'ono, ngati chinangwa chouma.

A Kumwenda, aneba anga amene anagwirapo ntchito ya zitsulo ku migodi, anaona podukapo pakunyezimira ngati shuga, n'kupukusa mutu. Akuti malo owotcherera akamazizira amafuna kukhwinyata, koma chitsulo chozizira cha m'mbali chimakana, ndiye m'kati mumatsala kukokana kosaoneka ndi maso. Ukathira madzi, chitsulo chimauma gwa, sichipindikanso, kukokanako kuli momwemo. Kenaka kamwala kamodzi pamsewu kamamaliza zonse. Akuti anayenera kuyamba watenthetsa chitsulo chonse, akamaliza n'kuchikwirira mumchenga wouma kuti chizizire chokha.

Mchenga, abale. Ku Chifunda kuno mchenga unasowa liti?

Ndinabwerera kwa wowotcherera uja ndi zidutswa ziwiri. Anati ndinapachika katundu wambiri. Nditamuuza kuti m'ngolomo munalibe ndi chitsononkho chomwe, anati ndiye ng'ombe zanga zimathamanga. Ng'ombe zanga zija, zimene mbuzi imazipitirira? Potsiriza anati zitsulo za masiku ano n'zabodza, ndibwere Loweruka, mafuta akapezeka.

Mtima ukungowawa. Mkazi wanga ndi ine tikututa ndi madengu pamutu, maulendo anayi pa tsiku, ndipo dzulo tapeza mikukwe iwiri yaphwasulidwa, ndowe za njovu zili mbwee.

Inu a ngolo, mukaona munthu akunyamula madzi chitsulo chanu chili chofiira, mugwireni dzanja. Ine sindingachite makani. Wowotcherera wina ali ku boma ku Chama, ndipo ulendo umenewo chimanga sichingandidikire. Loweruka ndipita kwa yemweyo, ndikamupatsa moni ndi manja awiri.