Sewero Lathu Linkathera pa Mivi

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, a Chikaonda, akatekisiti athu ku Dedza, anandimangirira ku mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Linali tsiku la woyera wa mphakati wathu, msilikali wa ku Roma amene anakana kusiya Chikhristu, mfumu n'kulamula kuti alasidwe ndi mivi. Chaka chilichonse ana tinkachita sewero lake, ndipo chaka chimenecho woyerayo ndinali ine.

"Iwe, usagwedezeke," anatero a Chikaonda. "Woyera sadandaula."

Anzanga anayamba kundilasa ndi mivi ya mapesi. Miviyo sinali kanthu. Mumtengomo munali nyerere zofiira. Zinalowa m'kabudula, m'khwapa, mpaka m'khutu. Ndinaluma mlomo misozi ikutsika, anthu n'kumawomba m'manja kuti mwanayu sewero amalitha. Ndinagwetsa mutu, kwaya inaimba, basi. Sewero lathu linkathera pamenepo.

Kunyumba mayi anandipaka mafuta atakwiya.

"Bwanji sunakuwe, chitsiru iwe?"

"Akuti woyera sadandaula."

"Anakuuza kuti mivi sinamuphe? Mayi wina anamudwazika. Atachira anabwerera kukaidzudzula mfumu pamaso, ndiye kumuphako. Gawo limenelo salichita, akuti ana mungayambe mwano."

Sindinazitengere. Kuwomberedwa m'manja kunali kutandikomera. Ndili Fomu 2 mphunzitsi anandinamizira kuti ndaba buku. Sindinayankhe ngakhale liwu limodzi. Ndinanyamula chikwama, sukulu n'kuthera pomwepo.

Lero ndine mlonda ku Doha, m'dziko la Qatar, pa geti la maflat ku Al Nasr. Sabata yatha mnzanga Yamikani anakomoka ndi kutentha pa duty chifukwa supervisor anakhoma kanyumba kathu ka AC, kamene timathawiramo dzuwa, akuti timagonamo. Tsopano akufuna tikanene kuti Yamikani anabwera akudwala kale, kuti amubweze kumudzi. Ine anandiuza poyera, n'kuyamba ndi liwu la Chiarabu loti basi: "Khalas, my friend. You want contract or no?"

Mawa akuluakulu a kampani akutifunsa. A Phiri, achikulire a m'chipinda mwathu, akuti, "Mphwanga, pirira. Kuno tinabwera kudzagwira ntchito."

Asandiphunzitse kupirira. Ndinakuphunzira nditamangidwa ku mtengo, ndipo palibe nyerere imene inasiya kuluma chifukwa ndinakhala chete. Tinkalemekeza theka la woyera uja, theka limene akuluakulu savutika nalo. Mantha ndili nawo, sindine woyera. Koma mawa ndikanena amene anakhoma chitseko chija. Akafuna andikweze ndege, bola sewero lija ndilimalize.