Kalata ya Achimwene Saidi

Mundikhululukire polemba izi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, kwa amalume ku Lungwena. Koma inu obadwa pambuyo mumafunsa za achimwene anga a Saidi, ndipo amayi sayankha.

Tsiku limene tinathawa nkhondo ndinkayanika chinangwa pathandala. Kwathu kunali tsidya la malire, ku Mozambiki. Mfuti zinalira cha kumsika. Amayi sanatenge poto kapena bulangeti. Anatenga kalata ya achimwene, yokulunga m'pepala la shuga.

Kalatayo inalembedwa kuchipatala ku Mangochi. Achimwene sankagona, ndipo akamva njinga yamoto ankabisala. Dokotala wa matenda a maganizo anawafunsa mafunso m'mawa wonse, nalemba masamba awiri m'Chingerezi, chidindo pansi. Ndi kalatayo tinkalandira mankhwala. Apolisi atawagwira akukuwa pamsika, anaona chidindo n'kuwamasula. Ine ndinali ndisanaiwerengepo.

Tinadzera m'tchire kulowera ku Chiponde. Tsiku lachiwiri masana, pamlatho wa mitengo, tinapeza amuna asanu a mfuti, a gulu lolimbana ndi boma. Ankapatula anyamata. Achimwene anangokhala pansi.

Amayi anapereka kalata ndi manja awiri. "Ndi wodwala mutu, bambo. Achipatala analemba."

Mkulu wawo anaitembenuza uku ndi uku. Chingerezi sankachidziwa. Anafunsa wodziwa kuwerenga. Amayi anandiloza, poti ndinkaphunzira Chingerezi kusukulu ku Lungwena.

"Tiuze m'Chiyao, mtsikana iwe. Bwinobwino."

Kusukulu tinkakwapulidwa tikadumpha mzere. Ndinaika chala pansi pa mawu. Ndinanena dzina, zaka, kusagona, maloto oipa. Mkuluyo anati ndimawerenga bwino. Ndinakondwa. Ndinatsegula tsamba lachiwiri.

Pamenepo panali chiyambi cha matenda: anakhala msilikali wa boma zaka ziwiri, anaona anthu akuwotchedwa m'nyumba. Kunyumba tinkauzidwa kuti anali kumaesiteti a fodya. Amayi anandiponda chala. Ndinayesa akufuna ndikweze mawu. Ndinakweza.

Mkuluyo anapinda kalata bwinobwino, n'kundibwezera. "Zikomo, aphunzitsi." Anzake anaseka.

Anawamanga achimwene ndi mphira wa njinga. Patapata imodzi inatsala pamlatho. Amayi anaitola.

Ku Chiponde tinafika m'mawa mwake. Wolemba mayina anafunsa kuti tilipo angati. Amayi anati atatu. Ine sindinawakonze. Iye anatiyang'ana, nalemba awiri.

Tinakhala kwa amalume ku Lungwena. Amayi ankapitabe kuchipatala ndi kalata ija kukapempha mankhwala, kuti mwana wawo akadzafika asadzasowe. Kumeneko ankawabweza, ati abwere ndi wodwalayo.

Amayi sanandikalipirepo. Koma mpaka lero, uthenga ukafika pafoni yawo, amawoloka msewu kuti mwana wa aneba akawawerengere.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri chithawireni kwathu, wogulitsa usipa wina wochokera kwathu anatiuza pamene achimwene anakwiriridwa. Amalume anaitana ashehe. Sadaka ya achimwene Saidi inachitika Lachisanu, pa 3 Novembala.