Uthenga wa Patson kwa Ankhoswe Ake

Mchimwene wanga Patson ndi munthu woti mukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Anabwera kudzaphunzira ku Coventry, n'kukwatira Dinnah, namwino wa ku Nuneaton, ndipo tsopano amagwira ntchito pa kakampani kena ku Solihull kopanga timabodi tamagetsi toyendetsa maboila otenthetsa m'nyumba. Ntchito yakeyo wandifotokozera kambirimbiri, ine n'kumangogwedeza mutu ngati gulo.

Zimene ndinatolapo ndi izi. Pa bodi lililonse pali kachip ka flash, kakang'ono ngati chikhadabo, kosunga mapulogalamu ngakhale magetsi atazima. Koma kernel, imene akuti ndiyo mtima wa pulogalamu yoyendetsa bodilo, siidziwa yokha kuti kachipko n'kotani. Munthu amachita kuilembera mu fayilo imene amaitcha device tree: n'kamtundu wanji, n'kakakulu bwanji, chigawo ichi chikuyambira pati ndipo chikuthera pati, komanso kuti chigawo chodzutsa bodi, chimene amati bootloader, chisamakhudzidwe. Nditamufunsa ngati zili ngati kudula malire a minda, anati eya, kenako anati ayi, ine ndinangozisiya pomwepo.

Ntchitoyo anamupezera ndi bambo Rapson, injiniya wamkulu pa kampanipo. Bambo omwewa ndi mkulu wa mpingo wathu ku Hillfields, ndipo ndiwo anaimira amalume pa ukwati wa Patson, popeza amalume enieni anakanizidwa visa. Ku ofesi aliyense amangoti "Rapson". Patson lilime limakana, moti amayamba wakhosomola kuti atembenuke okha.

Tsiku lina Lachinayi, Patson akuwerenga fayilo ya bodi latsopano imene bambo Rapson analemba, anapeza kuti malire alowana. Chigawo cholandira mapulogalamu atsopano chinkayambira mkati mwa chigawo chodzutsa bodi chija. Kutanthauza kuti tsiku loyamba kutumiza pulogalamu yatsopano, maboila onse akanazima osadzukanso, ndipo inali nyengo yozizira. Fayiloyo imayenera kupita kufakitale Lolemba.

Mwambo wa ntchito yawo ndi wakuti ukapeza cholakwa umalemba ndemanga pansi pa mzerewo, pamene gulu lonse liwerenga. Patson analemba, n'kufufuta. Analembanso moyamba ndi moni, n'kufufutanso. Munthu angawauze bwanji ankhoswe ake pagulu kuti alakwitsa? Apa ndi pamene anandipsetsa mtima, chifukwa m'malo mongoyenda kupita pa desiki yawo, anasankha njira ya kwathu. Anauza Dinnah kuti akauze mayi Madalo, akazi a bambo Rapson, kuti pali kankhani.

Dinnah za ma chip sazidziwa, ndipo anali atatopa ndi ntchito. Anaimba foni n'kunena chimene anakumbuka: "Aunt, a Patson akuti pali ka issue koti adad amve mwakachetechete Monday isanafike. Akuti malire sakulemekezedwa, zinthu zitha kufa."

Uthenga wotere ukafika kwa ankhoswe kudzera mwa amayi umatanthauza chinthu chimodzi basi. Lamlungu titaweruka kutchalitchi, bambo Rapson anatulukira kwa Patson atavala jekete, Baibulo kukhwapa, mayi Madalo pambuyo. Nanenso anandiitana monga wachibale. Ndinakhala pakona ndikudzifunsa kuti banja looneka labwino chonchi lasokonekera pati.

Bambo Rapson anapemphera, nayamba uphungu. Anakamba za ma shift a usiku, za kupirirana, za kuti banja ndi anthu awiri. Dinnah ankayang'ana Patson, Patson ankayang'ana kapeti. Kenako bambo Rapson anati, "Tsopano mwana wanga, masuka. Malire amenewa wadumpha ndani?"

Patson anakhosomola. "Ndi inuyo, bambo."

Mayi Madalo anagwira pakamwa. Ine ndinaganiza zinthu zimene sindingalembe pano.

"Mu device tree muja," anapitiriza Patson. "Partition ya update ikuyambira mkati mwa bootloader."

Bambo Rapson anatseka Baibulo, napempha laputopu, n'kuvala magalasi. Anayang'ana mzerewo, milomo ikuyenda, kenako anatsamira kumpando.

"Unaziona liti?"

"Thursday."

"Thursday. Ndiye ndikanakhala kuti ndapita ku Manchester weekend ino?" Sanakweze mawu, koma nkhope inagwa. "Cholakwa sichikundipweteka, Patson. Aliyense amalakwitsa ma offset, manambala a malirewa. Chikundipweteka n'chakuti umandiona ngati munthu wosauzika."

Tiyi anamwa theka, n'kutsanzika. Dinnah anatsuka makapu, ndipo ine ndinali ndisanamvetsebe ngati banja lapulumuka kapena maboila.

Lolemba m'mawa fayilo inakonzedwa isanapite kufakitale. Pansi pa kukonzako bambo Rapson analemba, monga amachitira pa ntchito yawo, dzina la amene anapeza vutolo, ndipo gulu lonse linawerenga dzina la Patson. Iye mpaka lero sadziwa ngati kunali kumuthokoza kapena kumulanga. Masana ake bambo aja anaima pa desiki yake n'kumuuza kuti kuyambira tsopano fayilo iliyonse imene iwo alemba izidutsa kwa iye, ndemanga azilemba poyera, ndipo aziwatchula dzina ngati anzake onse.

Patson anakhosomola. Bambo Rapson sanasunthe, anangoima pomwepo kudikira.