Pisani Mpaka Pansi pa Beseni

Abiti Salimu, mayi ogulitsa matemba pa Kachulu, anaterereka pamatope tsiku lina beseni lili pamutu. Thupi silinavulale, chinavulala ndi dzina. Beseni litagudubuzika, anthu anaona kuti matemba ouma bwino aja anali chivundikiro chabe. Pansi ponse panali onyowa, oyamba kale nkhungu.

Bwenzi nkhani itathera pa kuseka pakanapanda Che Ayuba, a benchi loyandikana ndi la mayiwo. Bambowa ku madarasa anangosuzumirako, koma tsikulo anasanduka shehe.

"Haramu imeneyi, mayi! Chisilamu chimati chilema cha katundu uzimuonetsa wogula. Kubisa n'kuba!"

Analalikira mpaka madalaivala a minibasi za ku Zomba anazimitsa injini kuti amve bwino. Sabata yathunthu palibe anagula kwa mayiwo ngakhale kamulu kamodzi.

Abiti analumbira kuti Ayuba adzaona. Ife timayembekezera chitedze m'malaya, koma ayi ndithu. Mayiwo anatola ulaliki womwewo n'kuunola ngati mpeni. Anayamba kusankha matemba, ouma uku, onyowa uko pamtengo wotsika, ndipo aliyense wodutsa ankamukoka dzanja.

"Pisani, achimwene, pisani mpaka pansi. Ine ndinalapa." Kenako mokweza, diso lili pa benchi la Ayuba: "Ndipo kulikonse mungagule, muzipisa. Msilamu weniweni sakaniza!"

Chizolowezicho chinafala ngati chimfine. Amayi odzaoda nsomba ochokera ku Songani ankafika atapindiratu manja a malaya. Nanga Che Ayuba akanakaniza bwanji, lamulo analengeza okha? Sipanathe masiku, mayi wina anapisa m'dengu mwawo n'kuvuula mitu yokhayokha ndi zinyenyeswa za chaka chatha. Akuti Abiti anaimba nthungululu, ngakhale iwo amati kunali kutsokomola.

Lero mayiwa ali ndi mabenchi atatu, ogula amachita kufola. Che Ayuba akugulitsa nkhuni zowambira milamba. M'mawa uliwonse Abiti amalambalala njira yachidule kuti akawapatse salamu, n'kufunsa mwaulemu wonse ngati nkhunizo zili zouma mpaka m'kati mwa mtolo.

Shehe wathu amawatchula mayiwa ngati chitsanzo cha malonda oyera. Koma Enelesi, amene amakhala nawo mpanda umodzi, anawauza pamaso: "Inu Abiti, ife tizimupempherera Ayuba moyo wautali. Tsiku limene adzafe, mudzayambiranso kutibera."