Dzanja Lachisanu ndi Chitatu

Nkhaniyi si yopeka, ndipo amene akuganiza kuti ndikungocheza asiyire pomwepa kuwerenga, chifukwa ine ndaisenza zaka zambiri ndipo wondiseka sindikumufuna. Dzina la munthu sinditchula, ngakhale la woimbayo, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwa inu mukhala mukulotera m'mitima mwanumo.

Zinachitika zaka zoyambirira za makuponi a feteleza, nthawi imene mlandu wakupha unkagamulidwa ndi anthu wamba khumi ndi awiri, aja ankati a juri, jaji n'kumangowaunikira malamulo. Ine kwathu ndi ku Kapelula koma ndinakwatiwa ku Simlemba, ndipo kalata yondiitana itabwera ndinasangalala poyesa kuti dzina langa latuluka pa makuponi, osadziwa kuti akundiitanira moyo wa munthu. Ndinapita ku boma ndili ndi mantha, chifukwa m'khoti ndinali ndisanapondemo chibadwire.

Nditafika ndinapeza chinamtindi cha anthu panja, ine n'kumati kani mlanduwu ndi waukulu chonchi? Ayi ndithu, anthuwo sanabwerere mlandu. Anali atamva kuti pakati pa oitanidwafe pali woimba nyimbo zauzimu uja amene makaseti ake ankalira m'minibasi iliyonse, mwana wa konkuno amene anali ndi nyumba pa boma pomwepo. Atatsika m'galimoto amayi analulutira ngati pa ukwati, alonda n'kumalimbirana kumugwira chanza. Atafunsidwa maloya ngati pali wina mwa ife amene sakumufuna, onse anangomwetulira, nanga ndani akanakana munthu woimba za Mulungu? Tinamusankha kukhala wapampando wathu asanakhale n'komwe pansi. Nanenso ndisaname, ndinadzipanikiza mpaka ndinakhala moyandikana naye, n'kumaganiza zokawauza anzanga a kutchalitchi.

Woimbidwa mlanduyo anali tenanti wochokera kummwera, bambo wowonda wa ana atatu, amene ankalima fodya wa bale pa esiteti ina kufupi ndi Simlemba. Kapitawo wa pa esitetipo anapezeka atafa kuseri kwa chigafa Lamulungu m'mawa, mutu utaphwanyidwa. Aliyense ankadziwa kuti awiriwa anakanganapo, chifukwa kapitawoyo analanda kuponi ya tenantiyo ponena kuti feteleza wa pa esiteti ndi wa bwana. Koma analandidwa ndi yekhayo? Matenanti onse analandidwa, ndipo onse ankamutukwana. Woona ndi maso panalibe, magazi pa zovala panalibe, mpini umene anautola pamalopo unali wa aliyense.

Umboni umene unamumanga unali wa agogo ena aamuna a Chitumbuka, ogontha khutu limodzi, amene anali pa mowa masana a Lamulungu lomwelo. Iwo analankhula m'Chitumbuka kuti anamva mnzake wa tenantiyo, wakummwera yemweyo, akuloza kumene kunali woimbidwa mlanduyu n'kunena mokweza kuti wakoma. Womasulira anangotembenuza kuti ameneyu ndiye wapha, jaji n'kulemba. Mnzakeyo anali atabwerera kwawo kalekale, ndipo loya wa tenantiyo, mnyamata wa m'tauni amene anaonana naye koyamba m'mawa womwewo, Chitumbuka sankachidziwa ngakhale moni.

Ine ndinaona pomwepo pamene palakwika. Inu a kuno mukudziwa kuti kukoma pa Chitumbuka ndi kupha, pamene pa Chichewa chathu ndi kuja kwa ndiwo zothira bwino mchere. Ineyo ndili mtengwa watsopano ndinayamikira apongozi anga kuti msuzi wawo wakoma, iwo n'kundifunsa ali phwete kuti wakoma njani, ndiye kuti wapha ndani, ndipo mudzi wonse unandiseka mwezi wathunthu. Tsono taganizani, anthu awiri akummwera ali pa mowa, wina wagwira chipanda, mnzake akuloza n'kunena kuti wakoma. Akunena munthu kapena mowa? Ngakhale mwana wa sitandade wani ku Simlemba akhoza kukuyankhani.

Nanga bwanji sitinafunse? Jaji anali atatiuza kuti tikakhala ndi funso tizilipereka kudzera kwa wapampando. Ndinamunong'oneza woimbayo, iye anandisisita dzanja n'kunena kuti tikakambirana m'chipinda, tisachedwetse akuluakulu. Masiku awiri onse amene tinkamva umboni anzanga sankayang'ana mboni ayi, ankayang'ana nkhope ya iyeyo. Akapukusa mutu, onse pukupuku. Akausa moyo poona mkazi wa malemuyo akulira, onse n'kuusa moyo. Pa nkhomaliro m'malo mokumbutsana zimene tamva, anthu akuluakulu a imvi zawo ankamufunsa kuti kaseti yatsopano ituluka liti. Zinkandinyansa, koma nanenso ndinkamvetsera yankho lake.

Tsiku lachitatu anatitsekera m'chipinda, jaji atatiuza kuti anthu asanu ndi atatu akagwirizana chigamulo chatheka. Woimbayo ankangoyang'ana wotchi, chifukwa masana omwewo ankayembekezeka kukaimba pa msonkhano wina waukulu. Anayamba ndi pemphero, ndipo kunena zoona munthuyo amapemphera, mpaka amayi awiri analira. M'pempheromo anatchula magazi a wosalakwa amene akufuula kuchokera m'nthaka, anatchula mkazi wamasiye ndi ana ake, moti pofika pa ameni mlandu unali utatha kale.

Ndinalimba mtima n'kuimirira. Ndinafotokoza za mawu aja, za chipanda, ngakhale za msuzi wa apongozi anga. Iye anaseka kuseka kwake kokoma kuja, n'kunena kuti amayiwa akufuna tikauze jaji kuti kapitawo anaphedwa ndi msuzi. Chipinda chonse chinafa nacho chiseko, kuphatikizapo anthu amene amalankhula Chitumbuka m'nyumba zawo, amene ankadziwa bwino lomwe kuti ndikunena zoona! Abambo anayi achikulire okha ndi amene sanaseke. Mmodzi wa iwo, mlimi wa ku Chisemphere, ananena kuti amayiwa ali ndi mfundo, ndipo iye sangapachike munthu chifukwa cha khutu logontha.

Woimbayo anati tikweze manja amene tikuti ndi wolakwa. Ndinawerenga, manja asanu ndi awiri, lake lomwe. Abambo anayi aja anapinda manja pachifuwa. Ndinatsala ine.

Apa ndi pamene pamandiopsa mpaka lero, abale anga. Sanandikalipire, sanandiopseze. Anangotembenuka, n'kundiyang'ana m'maso, n'kunditchula dzina langa, dzina limene sindinkayembekeza kuti waligwira. Anati iye waona kuti ndine mayi woopa Mulungu, ndipo akudziwa kuti Mzimu ukulankhula nane, ndisaukanize. Mawu ake anali omwe aja amene ndinkawamva pa wailesi ndikudwazika mwana wanga m'chipatala, omwe aja amene anandilimbitsa mtima pa maliro a mayi anga. Ndinaona ngati kumukana iyeyo ndi kukana pemphero. Ndikuuzeni chiyani? Ndinangoona dzanja langa lili m'mwamba, ine mwini wake wa mfundo ija, ndipo mlimi wa ku Chisemphere uja anandiyang'ana kamodzi kokha n'kuweramitsa mutu.

Tenantiyo anamugamula kuti akanyongedwe. Sanalire, anangofunsa womasulira kuti abwerezenso, poganiza kuti sanamve bwino. Pamene ankamukweza m'galimoto ya kundende anthu onse anali mbali inayo, akuimba nyimbo ya woimba uja ndi kuthamangira galimoto yake. Tenantiyo sanamunyonge, poti masiku ano sanyonga, koma kundendeko anakhalako zaka zinayi n'kumwalira ndi chifuwa. Kaya anapha kaya sanaphe, ine sindikudziwa, ndipo ndi chimenecho chimene ndinayenera kunena tsiku lija: sindikudziwa.

Mkazi wake sanabwerere kummwera, anatsala konkuno akuchita maganyu osankha fodya. Patapita miyezi ingapo anafika pakhomo panga ndi kabeseni ka mtedza, n'kugwada. Anati anamva kuti m'chipinda muja munali mayi mmodzi wa ku Simlemba amene anaimirira kumenyera nkhondo mwamuna wake, ndipo wafunsafunsa mpaka wandipeza. Amene anamuuzayo anamuuza theka lokha. Ine mtedzawo ndinangolandira.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti munthu wotchuka sayenera kukhala pa gulu logamula mnzake, kaya ndi kukhoti, kaya ndi pa bwalo la kumudzi, kaya ndi komiti ya kutchalitchi. Sikuti ndi woipa ayi, mwina woimba uja ankakhulupiriradi zimene ankanena. Vuto ndi ifeyo, timasungunuka ngati shuga m'tiyi. Akati anthu khumi ndi awiri, amafuna mitu khumi ndi iwiri, koma ife tinali mutu umodzi ndi manja ambiri.

Choncho mukadzaitanidwa kukagamula munthu, n'kupeza kuti pambali panu pakhala nkhope imene mumaikonda musanakumane nayo, mudzanene poyera nthawi yomweyo kuti simukwanitsa. Ndipo mukadzamva liwu lokayikitsa mudzafunse pomwepo, mokweza, ngakhale akusekeni. Mukapanda kutero mudzakhala ngati ine, amene chaka chilichonse anthu akakolola ndimathawira kudimba ndikaona mayi uja akubwera ndi kabeseni pamutu, koma amandidikira mpaka ndibwere, ndipo ana ake anawaphunzitsa kunditchula kuti agogo.